Tinjinga tamoto tooneka tachikale tija, bwanji sitipezeka paliponse?

Pali mtundu wina wa njinga zamoto umene wavuta pa dziko lonse zaka zino, ndipo ine ndi mmodzi mwa anthu amene unawalowa m'mutu. Ndikunena zija za nyali imodzi yozungulira kutsogolo, thanki yachitsulo yopanda mapulasitiki ambirimbiri, mpando wautali wafulati, mawilo a masipoko, injini ya silinda imodzi yoti ukuiona yonse ndi maso osachita kumasula kanthu. Kukula kwake kuyambira 125cc kulekeza cha m'ma 400cc basi. Zikupangidwa lero lomwe, zatsopano zochokera mu kireti, koma ukaipeza itaima umaganiza kuti ndi ya m'zaka za m'ma 1970.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi ichi, anthu akuzifuna njingazi, ndalama ali nazo m'manja, ena mpaka kulembetsa mayina kudikira miyezi, koma kampani yomweyo imagulitsa dziko ili nkukana dziko linalo. Munthu wa ku Bangkok akukwera, wa ku Manchester akungoionera pa YouTube, wa ku Lilongwe ndiye osanena. Ndakhala ndikuitsata nkhaniyi ndipo ndaona kuti kufuna kwa ogula si kumene kumalamula, zimene zimalamula ndi malamulo a utsi, magulu a laisensi, msonkho, ndiponso ngati m'dzikomo muli munthu woti angasunge masipeya.

Tiyambe ndi a Honda poti iwowa ndi amene ali ndi tinjinga tambiri ta mtunduwu. Super Cub inayamba kupangidwa mu 1958 ndipo pofika 2017 anali atapanga zokwana 100 miliyoni, palibenso galimoto kapena njinga yamoto ina imene inapangidwapo yochuluka chonchi. Ndiye pali kena kakafupi kotchedwa Monkey, kamene chiyambi chake ndi 1961 pamalo ena osewererapo ana ku Japan otchedwa Tama Tech. Kameneka kanali ka 50cc, ndipo mu 2017 anasiya kukapanga chifukwa malamulo atsopano a utsi ku Japan anali oti kainjini kakang'ono chonchija kuti kawakwanitse ndiye kuti mtengo ukwera moti palibe angagule. Atalengeza kuti tatsala ndi 500 totsiriza, anthu amene analembetsa kuti agule anaposa 40,000, mpaka anachita kupanga mayere. Tangoganizani, anthu 40,000 kulimbirana tinjinga 500.

A Honda anaona kuti apa pali ndalama. Mu 2018 anabweretsa Monkey ya 125cc komanso Super Cub C125, kenako mu 2020 CT125 imene ku Japan amaitcha Hunter Cub, kenako mu 2022 Dax 125 imene kholo lake linatuluka mu 1969. Zonsezi amapangira ku Thailand ndipo injini zake ndi za banja limodzi, yogona chopingasa ija, yozizira ndi mphepo. Mungaganize kuti poti fakitale ndi ya dziko limodzi, injini ndi pachibale, ndiye kuti aliyense azipeza zonse. Ayi ndithu. Dax anthu a ku Ulaya anayamba kukwera mu 2022 pomwe a ku America anadikira mpaka ya chaka cha 2025. CT125 zinatembenuka, ku America inafika msanga ndi dzina loti Trail 125, ku Australia ndi ku New Zealand inafikanso, koma ku Ulaya a Honda sanaiike m'mashopu awo, moti amene ali nayo ku Mangalande anachita kuitanitsa kudzera mwa anthu ena apadera amene amazibweretsa paokha, mtengo wake wokwera, walanti ya kampani palibe.

CT125 imeneyi ndi imene imandipweteka kwambiri, ndiloleni ndikhalepo pang'ono. Ilibe kalachi ya pamanja, umangoponda giya basi nkumapita, magiya anayi. Ekizozi yake anaikweza m'mwamba, ndipo polowera mpweya anakaika kumbuyo pansi pa kaliyala, kutanthauza kuti ukhoza kuwoloka kamtsinje madzi osalowa mu injini. Kaliyala wake ndi wamkulu zedi, woti kumangapo thumba la chimanga kapena bokosi la mankhwala. Ili ndi sitata komanso kiki, batire ikafa sukhala pamsewu. Mafuta imamwa pang'ono kwambiri, lita imodzi ukuyenda makilomita oposa 50 osavutika. Kholo lake CT110 ndi lija anthu a positi ku Australia anayendera zaka zambirimbiri pogawa makalata, alimi a ku New Zealand nkumayendera m'mafamu. Tsono ndiuzeni, njinga yotereyi ikufunika kwambiri kuti? Kwa munthu wa ku Tokyo amene amaikwera Loweruka kupita kokagona mu tenti kumapiri, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo amene akuyenera kufika kumudzi mvula itagwa, mlatho utakokoloka? Koma ku America inayamba kugulitsidwa pafupifupi madola 4,000, ndipo pamtengo umenewo munthu kuno agula njinga zakabaza zingapo. Nkhani imathera pamenepo, si kuti a Honda sakudziwa kuti kuno kuli misewu yafumbi.

Nanga bwanji ku Ulaya kumene anthu angakwanitse madola amenewo? Kumeneko njinga iliyonse yatsopano isanagulitsidwe imayenera kuyezedwa ndi kuvomerezedwa, utsi, phokoso, mabuleki, manyali, zonse. Malamulo a utsi otchedwa Euro 4 atabwera cha mu 2016 ndi 2017, kenako Euro 5 cha mu 2020 ndi 2021, njinga zambiri zozizira ndi mphepo zinagwa. Kuwonjezera apo njinga yoposa 125cc iyenera kukhala ndi ABS, kachipangizo koletsa mawilo kukakamira ukagwira buleki mwadzidzidzi. Kuyezetsako ndi ndalama zambiri, ndipo ndalamazo sizisiyana kwenikweni kaya njingayo ndi yaikulu yodula kaya ndi yaing'ono ya phindu lochepa. Ndiye kampani imawerengera, tikalipira zonsezi tigulitsa zingati? Zili ngati mayi wa geni, sangadule chiphaso cha mumsika kuti akagulitse mulu umodzi wa tomato. Anthu ofuna njingayo akhoza kukhala aphokoso kwambiri pa intaneti koma akawerengedwa nkupezeka kuti ndi ochepa.

Yamaha SR400 inafa imfa yomweyo ndipo ine mpaka pano zimandikhudza. Inayamba mu 1978 nkupangidwa mpaka 2021 maonekedwe osasintha kwenikweni, iyi ndiye sinali yongofanizira zakale, inali yakaleyo yeniyeni imene inangopitirira kukhala moyo. Sitata inalibe, kuliza kwake kiki basi, ndipo eni ake amanyadira zimenezo. Ku Ulaya inabwererako mu 2014 koma sinakhalitse, Euro 4 inaithamangitsa. Ku Japan malamulo a utsi ndi a ABS atafika pakhomo, a Yamaha anangotulutsa yotsiriza mu 2021, anthu nkuilimbirana, ndipo pano yogwiritsidwa kale ntchito yosamalika bwino mtengo wake suli pansi ayi. Koma ku Thailand inapitirira kugulitsidwa kwa zaka zina chifukwa lamulo lakumeneko limalola. Njinga imodzi, kwina yoletsedwa kwina ili mu shopu. Ku America kunachitikanso zofanana ndi Suzuki TU250X, imene inkagulitsidwa m'zigawo zina zonse koma ku California ayi, chifukwa chigawo chimenecho chili ndi malamulo akeake a utsi.

Ndiye pali za laisensi, zimene anthu ambiri saziganizira. Mukadabwa kuti bwanji njinga zambiri zimathera pa 125, 250 kapena 400, si mwangozi. Ku Ulaya laisensi ya A1 imalekeza pa 125cc ndi mphamvu ya 11 kW, ndipo ku UK munthu akangochita maphunziro a tsiku limodzi aja a CBT akhoza kukwera 125 atamata chilembo cha L. Abale athu amene akugwira ntchito yoperekera zakudya m'mizinda ya kumeneko akuzidziwa bwino zimenezi. Nchifukwa chake a Yamaha anapanga XSR155 ya ku Thailand ndi Indonesia mu 2019, koma ku Ulaya mu 2021 anapititsa XSR125, maonekedwe ofanana injini yochepetsedwa kuti ilowe mu laisensi. Ku Japan njinga yosapitirira 250cc siyenda ku kuyezedwa kodula kuja kumene amati shaken, ndipo laisensi wamba ya njinga imathera pa 400cc, ndiye makampani amapanga zawo motsata mizere imeneyo. Ngakhale 50cc ija imene inalera Super Cub yatha ku Japan, malamulo a utsi a mu Novembala 2025 anaitseka, boma nkulola kuti njinga zofika 125cc koma zochepetsedwa mphamvu kufika 4 kW zilowe m'malo mwake.

Koma ngati pali dziko limene lasintha masewero onsewa ndi India. Royal Enfield inali kampani ya ku Mangalande, Bullet yake inayamba mu 1932, ku India anayamba kuzimanga m'zaka za m'ma 1950 ku Madras kumene pano ndi Chennai, ndipo ya ku Mangalande itatseka ya ku India inapitirira. Kwa zaka zambiri anthu ankazikonda chifukwa cha kaliridwe kake koma zinkadontha oyilo ndi kunjenjemera. Mu 2009 anatulutsa Classic 350 imene inawakweza kwambiri, kenako mu 2020 anabweretsa injini yatsopano ya 349cc pa Meteor, nkuiikanso pa Classic mu 2021 ndi pa Hunter 350 mu Ogasiti 2022. Hunter imeneyi anagulitsa 100,000 m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. M'chaka cha zachuma cha 2024 mpaka 2025 kampaniyi inagulitsa njinga zoposa miliyoni imodzi, ndipo zochuluka mwa izo ndi za 350 zomwezi. Mphamvu ya injini imeneyi ndi cha m'ma 20 hp basi, yothamanga kwambiri ayi, koma anthu ku Ulaya ndi ku UK anazigula mwaunyinji moti makampani akuluakulu anadzidzimuka, chifukwa kwa zaka zambiri ankakhulupirira kuti mzungu sangagule njinga yopanda liwiro.

Zitatero aliyense anathamangira ku India. A Honda anatulutsa H'ness CB350 kumeneko mu 2020 kuti alimbane ndi Classic, mu 2021 anaipititsa ku Japan ndi dzina loti GB350 ndipo inakhala pamwamba pa malonda m'gulu lake, koma a ku Ulaya anachita kudandaula zaka zingapo mpaka GB350S inawafika mu 2025. A Triumph anagwirizana ndi a Bajaj, omwewa opanga Boxer imene anyamata akabaza amaikonda, nkutulutsa Speed 400 ndi Scrambler 400 X mu 2023, zopangidwa kufupi ndi Pune. A Harley-Davidson anagwirana manja ndi a Hero nkupanga X440 chaka chomwecho, koma iyo anaiyambira msika wa ku India komweko. Mayina akale ngati Jawa ndi BSA anadzutsidwa ndi kampani ya m'banja la Mahindra. A Kawasaki ali ndi W175 imene inayamba ku Indonesia mu 2017 ili ndi kabuleta, ku India inafika mu 2022 itaikidwa fuel injection (kuthira mafuta mu injini ndi pampu ndi kompyuta m'malo mwa kabuleta) chifukwa lamulo lakumeneko ndi lolimba, ku Ulaya sinapite, m'malo mwake anawapangira W230.

Ndipo msonkho nawo umasema njinga. Mu Seputembala 2025 boma la India linatsitsa msonkho wa njinga zosapitirira 350cc kuchoka pa 28 kufika pa 18 peresenti, nkukweza wa zoposa 350cc kufika pa 40 peresenti. Royal Enfield ya 349cc inagwera mbali yabwino, Triumph ya 398cc inagwera mbali yowawa, kusiyana kwa 49cc kokha. Chitsanzo china chimene ndimachikonda ndi Bangladesh, kumene kwa nthawi yaitali boma silinkalola njinga yoposa 165cc pamsewu. Anthu ankazifuna ma Enfield, dziko loyandikana nalo lomwelo zili mbwee, koma osatheka. Mu 2023 malire anakwezedwa kufika 375cc, ndipo mu 2024 Royal Enfield inatsegula malo omangira njinga m'dzikomo. Chilakolako chinalipo kale zaka zonsezo, chinasintha ndi pepala la boma. Kampani yomweyi ilinso ndi malo omangira ku Thailand, Nepal, Argentina, Colombia ndi Brazil, ndipo mukauyang'ana mndandandawo dziko la mu Africa simulipeza.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife. Africa si msika waung'ono wa njinga zamoto, a Bajaj ndi a TVS amatumiza zambirimbiri ku Nigeria, Uganda, Kenya, Tanzania, ndipo a Honda omwewo mu 2011 anapanga Ace CB125 mwadala kuti ikagwire ntchito ya okada, ndiye kuti kabaza, ku Nigeria. Koma kwa makampaniwa ife ndife msika wa njinga ya ntchito, yotchipa, yonyamula anthu awiri ndi katundu, yoti mwini wake azipeza ya tsiku. Ndipo sakunama kwenikweni, amene akugula Lifo, SanLG kapena Boxer ambiri akugula bizinesi, akuwerengera kuti ibweza liti ndalama. Munthu wogula njinga chifukwa chongoikonda alipo koma ndife ochepa, ndipo ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusowa kwa foleksi, mizere ya mafuta, palibe wamalonda angadzaze kontena ndi ma Monkey nkumadikira kuti mwina wina abwera.

Komabe pali china chimene ndimafuna anzanga okonda njinga achione bwino. Njinga zambiri za ku China zimene zadzadza m'misewu yathu, kapangidwe kake kanachokera ku Honda CG125 ya mu 1975. CG ija a Honda anaipanga atayendera mayiko osauka nkuona kuti anthu sasintha oyilo pa nthawi yake, amanyamula katundu wopyola muyezo, amapita kwa makaniko njinga ikafa basi, ndiye anapanga injini ya mapushirodi yopirira nkhanza zonsezo. Ku Brazil anayamba kuipanga mu 1976, ku Pakistan a Atlas Honda akuipangabe maonekedwe omwe aja, ku Ulaya inatha mu 2008. Tsono ku Ulaya komweko kunabuka makampani ang'onoang'ono, monga Mash ya ku France ndi Brixton ya ku Austria, amene njinga zawo za 125 ndi 250 zimapangidwa ku China pa mainjini otengera akale a ku Japan, iwo nkuikapo thanki yokongola, mpando wachikopa wabulauni, matayala onenepa, penti yakuda, mtengo nkukwera. Ku Indonesia ndi ku Thailand anyamata amachita zomwezo m'magalaja a kuseri kwa nyumba, kutenga njinga wamba ya ntchito nkuisandutsa chinthu choti anthu aziima kujambula. Amisiri owotcherera tili nawo, osoka mipando tili nawo, openta tili nawo, ku Biwi kapena ku Ndirande munthu akupangira chilichonse ukamusonyeza chithunzi. Ine ndikuona kuti njira yachidule yopezera njinga yamtunduwu kuno ndi imeneyi, ndipo ubwino wake masipeya a injini ali pa gulosale iliyonse ya zanjinga, pisitoni, tcheni, kabuleta, zonse. Chenjezo langa ndi limodzi, felemu musamadule mwachisawawa, ndipo ndalama yoyamba ipite ku mabuleki ndi matayala abwino penti isanabwere.

Sindikunena kuti Lifo yokongoletsedwa ifanana ndi GB350, ayi, chitsulo chake ndi chosiyana, kawotcheredwe kosiyana, ndipo ikayenda zaka zitatu kusiyanako kumaonekera. Akuluakulu amene anayendera Yamaha DT125, AG200 kapena Honda XL m'masiku a alangizi a zaulimi amadziwa kuti njinga ya ku Japan imakalamba bwanji, zina mpaka lero zikuyenda m'maboma umu. Chimene ndimalakalaka ndi chapakati, njinga yolimba ngati zimenezo, yooneka bwino, pamtengo woti mphunzitsi kapena namwino angalipire pang'onopang'ono. Hunter 350 ku India inayamba pa marupi pafupifupi 150,000, amene nthawi imeneyo sanali kufika madola 2,000. Ndi ndalama zambiri inde, koma si zakumwamba, ndipo njira ya sitima zochokera ku India kufika ku Dar es Salaam kapena Beira ndi yomweyo imene ma Boxer amadzera. Chosowa ndi wamalonda woti aike dzina lake, asunge mafyuluta ndi makebulo, aphunzitse amakaniko awiri atatu.

Chifukwa kunena zoona kugula njinga si vuto lalikulu, ukhoza kuitanitsa Super Cub kapena SR400 yogwiritsidwa kale ntchito ku Japan monga timachitira ndi magalimoto, kapena kukatenga Speed 400 ku Joni nkubwera nayo pa thiraki. Mavuto amayamba ikafika. Msonkho wa pa boda uwerengeretu usanatumize ndalama, chifukwa umatha kusintha nkhani yonse. Zatsopanozi pafupifupi zonse ndi za fuel injection, zili ndi pampu mu thanki ndi masensa, ndipo petulo wa m'zigubu amene timagula pamsewu mafilingi akauma amakhala ndi zinyalala kapena madzi, kabuleta umangomasula kutsuka nkubwezera koma pampu ikafa ndiye kudikira ina ichokere kunja. Makaniko wa pansi pa mtengo amene CG amaimasula atatsinzina, akaona kanyali ka injini kayaka pa dashibodi amayamba kulumikiza mawaya mongoyesa, ndipo kabokosi ka kompyuta kakapsa mtengo wake ndi wowawa. Matayala nawonso, Monkey ndi Dax ndi za mainchesi 12, saizi imene m'mashopu athu ambiri mulibe, pomwe Cub ndi CT125 ndi za 17 zimene zimapezeka mosavuta.

Ndiye wina akandifunsa kuti pa zonsezi nditaitanitsa ndingatenge iti, ndimati CT125 kapena Super Cub 110 ya ku Japan, chifukwa cha mawilo a 17 amenewo komanso chifukwa injini yogona ija amakaniko athu anaizolowera pa tinjinga ta 110 ta ku China. Ndipo mu kireti momwemo muikiretu pampu ya mafuta yapadera, mafyuluta angapo, masipuloketi, mapadi a mabuleki ndi buku la makaniko, kutumiza zimenezi pazokha pambuyo pake kumadula kuposa katunduyo. Wofuna 350 ayambe wafufuza kaye kuti wogulitsa wovomerezeka wapafupi ali mzinda uti ndipo basi yochokera kumeneko imatenga masiku angati kufika kuno, akapeza yankho lomukhutiritsa ndiye atumize ndalamazo.